Mawindo Okhomedwa ndi Misomali

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza chifukwa cha manja. Sukulu ndinalekera ku pulayimale. Kwathu ndi kwa Maganga, ndipo ndinkalima mpunga ndi chinangwa pamodzi ndi bambo anga. Nthawi zina ndinkapita ku siteshoni ya sitima ku Salima kukasenza katundu. Tsiku lina ndikukweza mabokosi m'lole, dalaivala anandiuza kuti eni mabokosiwo akulemba anthu. Anati ndi fakitale ya mawailesi, pa msewu wopita ku Senga Bay, m'chinyumba chimene kale ankasungiramo thonje.

Ndinapita m'mawa mwake pa njinga ya malume. Pageti panali anthu ambiri. Kapitao wa fakitaleyo, a Chisale, anayamba ndi kuona makadi a chipani. Wopanda khadi anabwerera pomwepo. Otsalafe anatipatsa aliyense kasikuluwu kakang'ono ngati njere ya mpunga ndi sikuludiraiva, kuti timange pa kathabwa iwo akuyang'ana. Ambiri manja awo ankanjenjemera. Anga sananjenjemere.

"Dzina?" anandifunsa a Chisale.

"Bitoni."

"Umamwa?"

"Ayi."

"Umalongolola?"

"Ayi."

"Ubwere Lolemba."

Anthu ankati timapanga mawailesi. Sitinkapanga. Tinkalumikiza. Zipangizo zonse zinkabwera m'mabokosi pa sitima, ife n'kumaziika pamodzi. Mabenchi anali pamzere. Pa benchi yoyamba ankalowetsa miyendo ya tizipangizo m'timabowo ta bolodi: matiranzisita, ndi tina tokhala ndi mizere yamitundumitundu. Pa yachiwiri, yayitali kuposa zonse, tinkawotcherera miyendoyo ndi mtovu. Pa yachitatu ankaika bolodi m'chikasha chake, n'kumangirira sipika, eriyo ndi pokhala mabatire. Pomalizira panali woyesa. Iyeyo ankapotokola chosinthira siteshoni kuti amve ngati siteshoni ya boma ikumveka bwino. Akagunda siteshoni yakunja ankadutsapo msangamsanga, osayang'ana munthu.

Ine anandiika pa benchi yowotcherera, pafupi ndi Che Amidu. Anali bambo wachikulire wa ku Senga Bay, wa ndevu zoyera ndi kofiya. Kale anali msodzi, koma bwato lawo linatha ndipo analibe lina. Zala zawo zinazolowera kusoka ukonde, choncho ntchito ya tinthu ting'onoting'ono sinkawavuta. Anali munthu wolankhula. Moni wawo wokha unkatha nthawi, chifukwa ankafunsa za bambo, za mayi, za mpunga, za njinga. Ine ndinkangoti, "Ali bwino." Iwo ankaseka.

"Mwana uyu mawu amagula kusitolo," ankatero.

Koma anandiphunzitsa ntchito. Chitsulo chowotcherera chikatentha, umayamba wapukuta nsonga yake pa kansalu konyowa. Umatenthetsa mwendo wa chipangizo ndi mkuwa wa pa bolodi, osati mtovu. Ukatero umagunditsa waya wa mtovu, usungunuke wokha n'kuzungulira mwendowo. Umachotsa mtovu choyamba, chitsulo pambuyo. Osauzira. Mwendo wa tiranzisita umaugwira ndi pulayazi kuti moto usafike m'kati n'kuipha. Polumikiza pabwino pamanyezimira ngati usipa wongovuulidwa kumene. Poipa pamaoneka ngati phulusa, ndipo wailesi yotero imalira mwezi umodzi n'kuyamba kudukiza.

M'kati mwa waya wa mtovu munali utomoni. Utomoniwo ndiwo unkatulutsa utsi. Munthu mmodzi akamawotcherera panja, utsiwo si kanthu. Ife tinali benchi yodzaza, pansi pa malata, ndipo mawindo onse anali okhomedwa ndi misomali.

Nkhani ya mawindoyo ndinaipeza. Chaka chimodzi ndisanabwere, mphepo inabweretsa nkhungu kuchokera kunyanja, tizilombo tija timauluka pamodzi ngati utsi. Tinalowa m'fakitale, n'kudzaza m'mawailesi amene anali asanatsekedwe. Tina tinamatirira kuseri kwa galasi la manambala, tina m'chosinthira siteshoni. Masitolo anabweza katunduyo. A Chisale anaitanidwa ku likulu la kampani ku Blantyre, ndipo amene anawaona akubwerera amati anali ngati munthu wochokera kumaliro. Tsiku lomwelo anatenga hamala n'kukhoma mawindo. Chitseko chachikulu nachonso chinkakhala chotseka nthawi ya ntchito.

Dzuwa likafika pamutu, m'katimo munkakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Utsi unkayandama pamwamba pa mitu yathu, kenako n'kutsika. Maso ankawawa. Kukhosi kunkakanda. Malo a Che Amidu anali pakona, kutali ndi chitseko, ndipo utsi wonse unkathera pamenepo. Anayamba ndi kutsokomola pang'ono. Pofika nyengo yotentha ankatsokomola mpaka kuika chitsulo pansi n'kugwira benchi ndi manja onse. Mabolodi awo anayamba kuchepa.

"Che Amidu, pano si pachipatala," anatero a Chisale tsiku lina. "Mukapitiriza chonchi ndiikapo wina."

Che Amidu anali ndi ana aang'ono kunyumba. Kunyanja sakanabwererako. Tonse tinkadziwa kuti mawindowo akapanda kutsegulidwa, chifuwacho chiwachotsa ntchito, kapena chiwachotsa pa dziko.

Masana tinkadyera pansi pa mlambe kuseri kwa nyumba ya injini ya magetsi. Apo ndi pamene anthu ankanena zakukhosi, motsitsa mawu. Ena ankati kampaniyo ndi yabwino: malipiro sachedwa, amapereka ovolosi, ndipo munthu ukauza anthu kumudzi kuti umagwira ya mawailesi amakupatsa mpando. Ena ankati vuto ndi a Chisale, amene amaopa Blantyre kuposa Mulungu. Ena ankati a Chisale alibe mlandu, vuto ndi mabwana amene amawerenga mawailesi osawerenga anthu. Panali mayi wina womangirira masipika, Abiti Saidi, amene lilime lake linali lakuthwa.

"Amuna inu mumalimba pansi pa mlambe pokha," ankatero. "Belu likalira nonse mumasanduka nkhuku zonyowa."

Sankanama. Koma masiku amenewo kudandaula pagulu sikunali nkhani ya ntchito yokha. Anthu angapo akagwirizana kukana chinthu, dzina lake linali kuukira. A Chisale analinso ndi udindo ku nthambi ya chipani ya kwawoko. Aliyense wa ife ankadziwa munthu wina amene anaitanidwa kukafunsidwa mafunso n'kuchedwa kubwerako.

Ndiye tinamva kuti bwana wamkulu, mzungu wa ku Blantyre, akubwera kudzaona fakitale, ndipo akufuna kumva yekha maganizo a antchito. Tinakambirana pansi pa mlambe. Tinagwirizana kuti tinene chinthu chimodzi chokha: mawindo. Wolankhula sanavute kusankha. Kwathu pamaso pa mlendo wamkulu amalankhula wamkulu. Komanso Che Amidu ankadziwa kuyala nkhani mosakhumudwitsa munthu.

"Musakazungulire kwambiri, bambo," anatero Abiti Saidi.

"Mwanangu, nkhani ili ndi khomo lake," anayankha Che Amidu. "Sulowera pa denga."

Tsikulo linafika, lotentha kwambiri. A Chisale anatiuza kuti tisayatse zitsulo. Tinasesa, tinapukuta mabenchi, tinaika mawailesi omalizidwa pamzere. Chitseko chachikulu chinatsegulidwa chonse kuyambira m'mawa. Pamene mzunguyo ankafika, m'katimo munali mpweya wabwino kuposa tsiku lina lililonse. Anayenda, anayang'ana, anatola bolodi limodzi n'kuliyang'anitsitsa, anagwedeza mutu. Kenako anthu anatulutsira mipando pansi pa mlambe. Iye anakhala pampando, a Chisale anaima pambali pake kuti azimasulira, ife tinakhala pansi.

Mzunguyo analankhula mwachidule. A Chisale anamasulira kuti bwana akufuna kumva chilichonse chimene chikutivuta, tisaope. Che Amidu anaimirira, anakonza kofiya.

"Choyamba tithokoze Mulungu, Alhamdulillah, amene wakuyendetsani bwino pa msewu wautali, bwana. Tikhulupirira kuti mayi ndi ana mwawasiya bwino."

A Chisale anamasulira. Mzunguyo anamwetulira.

Che Amidu anathokoza boma chifukwa cha mtendere. Izo zinali zosalumphika, aliyense ankayamba nazo. Anathokoza kampani chifukwa chobweretsa ntchito kunyanja kuno, kumene kale mwana wamwamuna ankangodziwa nkhafi. Anathokoza chifukwa cha ovolosi. Anathokoza a Chisale, kuti ndi bambo wathu amene amatilangiza. Chiganizo chilichonse chinkanenedwa kawiri, m'Chichewa ndi m'Chizungu. Ife tinkamvetsera mosatekeseka. Tinkadziwa kuti munthu akathokoza kwambiri chonchi ndiye kuti chimene chikubwera n'cholemera. Mfumu iliyonse, shehe aliyense, ngakhale a Chisale amene, akanadikira.

Mzunguyo sanadziwe zimenezo. Anamva anthu okhutira. Ndinamuona akuyang'ana wotchi. Che Amidu atapuma kuti akoke mpweya, iye anaomba m'manja, anaimirira, n'kuwagwira chanza.

"Zikomo kwambiri," anatero m'Chichewa chake chopotoka.

"Tsono bwana, pali kanthu kamodzi kakang'ono," anayamba Che Amidu. Chifuwa chinawagwira pomwepo. Anawerama, kutsokomola, kofiya n'kugwa pansi.

A Chisale sananame. Kungoti mawu omalizawo sanawamasulire. Mzunguyo anasisita Che Amidu paphewa n'kuyamba kupita ku galimoto. Anthu onse anali chikhalire. Abiti Saidi anandiyang'ana. Sindikudziwa chifukwa chake anayang'ana ine.

Ndinaimirira. Ndinakaima pakati pa mzunguyo ndi galimoto. Chizungu changa chinali cha mawu ochepa, ndipo ndinagwiritsa ntchito awiri: bwerani, khalani. Ndinaloza fakitale.

"Bitoni, choka apo!" anatero a Chisale.

Sindinachoke. Mzunguyo anayang'ana ine, anayang'ana a Chisale, anayang'ananso wotchi. Kenako anatembenuka n'kunditsatira. Ndinamulowetsa mpaka pakona, pa mpando wa Che Amidu. Anakhala. Ndinapita kukatseka chitseko chachikulu monga mwa masiku onse. Chisanatsekeke, Abiti Saidi analowa, ena onse pambuyo pake. Palibe amene analamula. Aliyense anapita pamalo pake. Ndinayatsa zitsulo.

Tinagwira ntchito monga timagwirira. Sitinawonjezere kanthu. Ndinaika bolodi patsogolo pa mzunguyo, chitsulo ndi waya wa mtovu. Ankaidziwa ntchito, ndisaname. Anapukuta nsonga pa kansalu, n'kuyamba kuwotcherera bwinobwino. Dzuwa linali pamutu. Malata ankathetheka. Utsi unakwera, unayandama, n'kuyamba kutsikira pakona paja.

Sanamalize bolodi lachiwiri. Malaya anamatirira kumsana. Anavula magalasi n'kupukuta maso. Anatsokomola. Anaimirira n'kukankha windo limene linali kumbuyo kwake. Silinasunthe. Anakankhanso. Kenako anaona mitu ya misomali, n'kuyendetsa chala pa umodzi.

Anaitana a Chisale. Zimene anakambirana sindinazimve zonse, koma ndinamva a Chisale akutchula nkhungu, ndi mawailesi obwezedwa aja, ndi Blantyre. Mzunguyo sanakalipe. Anamvetsera, n'kunena zochepa. A Chisale anatembenukira kwa ife.

"Bwana akuti mawindo a mbali yosayang'ana kunyanja atsegulidwe lero. Enawo adikire waya wa sefa, atumiza pa sitima."

Anandipatsa ine hamala. Ndinazula misomaliyo mzunguyo akuona. Inali itachita dzimbiri, ndipo ina inaduka. Windo loyamba litatseguka, utsi unatuluka ngati m'khitchini. Galimoto inapita.

Pa nthawi yoweruka a Chisale anandiitanira mu ofesi. Anatseka chitseko.

"Kapitao pano ndi ndani?"

"Ndinu."

"Nanga amene analamula anthu kulowa ndi kuyatsa zitsulo ndani?"

"Ndinayatsa ndine. Sindinalamule munthu."

"Wandivula pamaso pa bwana. Waunjika anthu popanda chilolezo. Ukulidziwa dzina la zimene wachitazi? Nkhaniyi ndikaitula ku nthambi."

Ndinapalasa njinga kupita kwathu. Nditawauza makolo, bambo anangoyang'ana pansi. Mayi anati ndithawire kwa achibale kumapiri. Ndinakana. Wothawa ndiye kuti wavomera mlandu, ndipo akanabwera kudzafunsa bambo.

M'mawa mwake ndinapita kuntchito. A Chisale sanandilankhule. Titaweruka, Che Amidu anandigwira mkono.

"Tiye. Tikaone kapitao kwawo."

"Kukatani?"

"Iwe ukangokhala chete. Zimenezo umazitha."

Anali atatumiza uthenga ku Senga Bay, ndipo mphwawo anabweretsa kampango wamkulu wokulunga m'masamba a nthochi. Ndinamangirira pa keliyala. Tinawapeza a Chisale pakhonde. Anatipatsa mphasa, osamwetulira.

Che Amidu anayamba monga anayambira dzulo lake. Anathokoza Mulungu. Anafunsa za mayi a kunyumba ndi ana, mmodzimmodzi. Anathokoza boma. Anakumbutsa a Chisale mmene anawalembera ntchito iwo, nkhalamba yopanda bwato, pamene anyamata anali mbwee pageti. Ananena kuti amene anakhoma mawindo aja sanakhome mwa nkhanza, ankateteza ntchito ya tonsefe, ndipo anadzudzulidwa yekha ku Blantyre chifukwa cha tizilombo timene sanatilenge. Ine ndinkangoyang'ana nyerere pa mphasa. Koma a Chisale sanayang'ane wotchi. Anakhala phee, akudikira. Ankadziwa kuti nkhani ikubwera.

"Tsono bambo, pali kanthu kamodzi," anatero Che Amidu pomaliza. "Mwana uyu ndi wanga. Chitsulo ndinamugwiritsa ndine. Alibe pakamwa, ndiye analankhula ndi miyendo, ndipo analakwa pokudutsani. Koma chimene chinamuimiritsa ndi chifuwa changa ichi. Ngati ku nthambi kukufunika dzina, perekani langa. Ine ndatsala pang'ono kale."

A Chisale anaitana mkazi wawo kuti atenge nsombayo.

"Ku nthambi sindipita nayo," anatero. "Koma pa benchi sakhalanso. Anthu angaone ngati kudutsa kapitao kulibe mtengo. Apite ku mabokosi."

Ndinathokoza. Anali mawu anga okha pakhonde paja.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kulongedza mawailesi m'mabokosi, kukhoma, ndi kukweza m'lole. Ndinabwerera ku ntchito yosenza imene ndinachokera, kungoti tsopano ndinali ndi ovolosi. Zinandiwawa. Kuwotcherera ndinkakukonda, ndipo polumikiza panga pankanyezimira.

Waya wa sefa unachedwa, koma unabwera. Anandituma ine kukautenga ku siteshoni. A Chisale anaukhoma okha pa mawindo onse, ndipo anauza woyesa mawailesi kuti maganizowo anali awo kuyambira kale. Palibe anawatsutsa. Nkhungu itabweranso, inadzaza pa sefa kunja, Abiti Saidi n'kuikokolola ndi tsache. M'mawailesi simunalowe kalikonse.

Chifuwa cha Che Amidu sichinathe, koma chinachepa. Anasiya kuika chitsulo pansi. Mabolodi awo anabwerera mwakale, ndipo a Chisale sanatchulenso zoika munthu wina. Anakhala pakona pawo pomwepo, pansi pa windo lotseguka, mpaka kampani inasamutsa ntchito yonse kupita kumzinda. Masana pansi pa mlambe ankandigawira chinangwa chawo n'kumauza anthu kuti ine ndi munthu yekhayo amene anachititsa msonkhano ndi mawu awiri.

"Ine ndinayala mphasa, uyu anakhalapo," ankatero.

"Munayala mphasa mlendo n'kupita," ankayankha Abiti Saidi.

Fakitale itatsekedwa ndinagula chitsulo changa. Ndakonza mawailesi pa msika wa Salima zaka zambiri, pakhonde la sitolo, popanda khoma kutsogolo. Ena anandiuza kuti ndichite lendi kachipinda kotseka kuti fumbi lisamalowe. Ndinakana.

Chimene ndinatengako n'chochepa. Ukafuna kudandaula, yamba waona amene ukumudandaulira. Pali munthu amene amadziwa kudikira, ndipo ukamulowera mwachindunji umamutseka makutu. Kwa ameneyo pita ndi wamkulu, ndipo iwe ukhale chete. Pali wina amene sadziwa kuti kuthokoza ndi njira chabe. Ameneyo usamuuze zambiri. Mukhazike pa mpando wa amene akuvutikayo, utseke chitseko, uyatse zitsulo.